Anazungulira dziko lonse pansi pa madzi, koma anaonako chiyani?

Tsokonombwe
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali sitima ina yankhondo ya ku America, dzina lake Triton, imene mu 1960 inazungulira dziko lonse lapansi ikuyenda pansi pa madzi. Inatenga masiku 60 ndi maola 21, mtunda wake makilomita oposa 49,000, motsata njira imene Magellan anadzera kalekale. Anthu amachita kuutama ulendowu kuti ndi umodzi mwa maulendo akuluakulu ofufuza nyanja. Chandidabwitsa n'chakuti sitima zoterezi zilibe mazenera. Ndiye munthu wotsekeredwa m'chitsulo miyezi iwiri, osaona nsomba, osaona dzuwa, osaponda gombe lililonse, wafufuza chiyani? Wayenda kapena wangonyamulidwa? Ine ndikuona kuti tikutama anthu amene ankangodya, kugona ndi kudzuka.

Kanyimbi
Amuna oposa 170, miyezi iwiri, osatsegula zenera? Musandiuze zambiri, mphuno yanga yamva kale kkkk

AphunzitsiOpuma
A Tsokonombwe, musagamule mlandu mboni zisanalankhule. Triton inanyamuka ku New London, ku Connecticut, pa 16 February 1960, kaputeni wake Edward Beach. Inali sitima yatsopano, yongoyamba ntchito mu November 1959, moti anyamata ambiri m'menemo ankadziwa kuti akukangoiyesa n'kubwerera. Zoona zake anauzidwa ali kale pakati pa nyanja, kopanda kothawira. Kuwerenga ulendo kunayambira pa timiyala totchedwa St. Peter and St. Paul, pakati pa Atlantic kufupi ndi equator, pa 24 February. Anatsetsereka kumwera, n'kukhota pa Cape Horn pa 7 March, n'kuoloka Pacific yonse kudzera ku Easter Island ndi Guam mpaka ku Philippines. Analowa m'nyanja ya Indian pa mpata wa Lombok ku Indonesia, anazungulira Cape of Good Hope pa 17 April, ndipo pa 25 April anafikanso pa timiyala tija.

Tsono zoti sanaone kanthu, ayi. Pali periscope, chitoliro cha magalasi chimene amachisuzumiritsa pamwamba pa madzi sitima ili pansi. Pa Cape Horn kaputeni analamula kuti aliyense afole, aone thanthwe lija ndi diso lake, ndipo sitimayo inachita kutembenuka kangapo pamalo omwewo mpaka mzere unatha. Kupatula apo ankayeza kuya kwa nyanja, kutentha kwa madzi ndi mphamvu yokoka ya dziko m'njira monse, ndiponso ankataya mabotolo okhala ndi timakalata kuti adziwe kumene madzi amalowera. Wogona sachita zimenezo.

Tsokonombwe
Kusuzumira mwala pa chitoliro kwa kamphindi, aphunzitsi, ndiye kufufuzako? Nanenso Cape Horn ndamuona pa foni, ndili pa mkeka.

MakanikoWaNdirande
Inu mukuyang'ana anthu, ine ndikuyang'ana makina, chifukwa nkhani yonse ya ulendowu ndi injini. Kumira ndi kuvuuka si kovuta kumvetsa. Chigubu chopanda kanthu chimayandama, mukachidzaza madzi chimamira. Sitimayi ili ndi matanki m'mbali mwake: akafuna kutsika amalowetsamo madzi, akafuna kukwera amawatulutsa ndi mpweya wopopedwa mwamphamvu. Izi zinadziwika kalekale. Vuto linali injini. Ya dizilo imafuna mpweya kuti iyake, ndiye sitima za m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinkayenda pamwamba nthawi yambiri, zikamira zinkadalira mabatire, mabatirewo akafooka basi vuukani muchajenso, mdani akuonani.

Nyukiliya ndiyo inasintha zonse. Siipsereza mpweya. Imatenthetsa madzi, nthunzi n'kumazunguza makina, makinawo n'kumazunguza mapiko akumbuyo. Yoyamba inali Nautilus, imene pa 3 August 1958 inadutsa pa North Pole kunsi kwa madzi oundana. Triton inali ndi ng'anjo za nyukiliya ziwiri, yokhayo mwa sitima zapansi pa madzi za America imene inapatsidwa ziwiri, kutalika kwake mamita 136. Pa ulendo wonse inkathamanga pafupifupi makilomita 33 pa ola, usana ndi usiku, osaima pothira mafuta. Madzi akumwa ankawiritsa a m'nyanja n'kuchotsa mchere. Makina ayende miyezi iwiri osazima, ine amene ndimakhalira kutsegula mainjini ndimavula chipewa.

Mlonda_waUsiku
Mukunamiza anthu apa. Sinayende pansi ulendo wonse. Inavuuka wina atadwala. Fufuzani.

AphunzitsiOpuma
A Mlonda, mwamva theka la nkhani. Inde, kumayambiriro kwa March mmodzi wa oyang'anira radar, John Poole, anagwidwa ndi miyala ya mu impso. Sitima inali itafika kale kumwera, koma inabwerera kukakumana ndi sitima ina yankhondo, Macon, kufupi ndi Montevideo ku Uruguay, pa 5 March. Kaputeni anatulutsa kansanja ka pamwamba kokha, thunthu lonse likadali m'madzi. Wodwalayo anatulukira pamenepo n'kukwera kaboti, iwo n'kumiranso.

Mlonda_waUsiku
Kansanjako si sitima? Mutu ukatuluka m'madzi munthu sanatuluke?

MakanikoWaNdirande
Ngati mukufuna kukokera pamenepo, ndikuwonjezereni nkhuni ndine. Pafupifupi usiku uliwonse ankakwera kufupi ndi pamwamba, kutulutsa periscope kuti aone nyenyezi adziwe pamene ali, ndi chitoliro china chokokera mpweya wabwino. Palibe anabisa zimenezi. Chimene asilikali ankafuna kutsimikiza n'chakuti sitimayo isaonekere kwa wina aliyense, osati kupambana mpikisano wa ana wa ndani akhalitsa m'madzi.

Chemwali_Leeds
Ine ndine namwino, ndiye ndaima pa wodwalayo. Amene simunaonepo munthu wa miyala ya mu impso musachite nthabwala. Bambo wamkulu ndithu amagubuduka pansi, kusanza, thukuta kamukamu, osapeza kagonedwe. Ululu umabwera, n'kuleka, n'kubweranso, ndiye dokotala m'sitima muja anali pa mayeso: lero wodwala akuti ndachira, mawa wagwanso. Mwala ukatseka njira ya mkodzo n'kuyambitsa matenda, impso imatha kuonongeka. Kaputeni amene wapatsidwa ntchito yachinsinsi ndi boma lake, n'kutembenuza sitima chifukwa cha munthu mmodzi, ameneyo ndamupatsa ulemu kuposa za makilomitazo.

Kanyimbi
Koma tsoka lake bamboyu. Anzake onse analowa m'mbiri, iye anatsikira panjira.

NaBanda_waKuKapa
Ine yandigwira mtima ndi ya ku Guam, aphunzitsi mwaidumpha. M'sitimamo munali wantchito mmodzi wobadwira pa chilumba chimenecho, amene anali atatha zaka zoposa khumi osafika kwawo. Pa 28 March atafika pa Guam, kaputeni anamuitana kuti asuzumire pa periscope. Anaona mudzi wa kwawo, kumene kunali makolo ake. Koma ulendo unali wachinsinsi. Sakanatsika, sakanakuwa, sakanatumiza ngakhale moni. Sitima inatembenuka n'kumapita. A Tsokonombwe mukuti kusuzumira si kanthu. Ife amene tili kuno ku Joni, mapepala osalongosoka, maliro a mayi ako kuwaonera pa WhatsApp, tikudziwa kulemera kwa kusuzumira. Ine za kufufuza nyanja sindilowererapo, koma musanene kuti anthu aja ankangogona.

Tsokonombwe
Pepani achemwali, pamenepo mwandikhudza. Komabe zimenezo ndi zowawa za ulendo. Funso langa la zimene anapeza likadali chiimire.

Dzukani
Funso lanu lili ndi yankho, kungoti anthu pano akuopa kulitchula. Ulendowu sunali wofufuza nyanja. Unali wowopseza Soviet Union. Chaka chomwecho, pa 20 July 1960, sitima ina, George Washington, inaponya mzinga wa Polaris ili pansi pa madzi kwa nthawi yoyamba. Kuti uponye mzinga kuchokera m'nyanja n'kukagwa pamene ukufuna, uyenera kudziwa bwino pansi pa nyanja ndi mphamvu yokoka ya dziko pamalo amene uli. Ndiye miyezo imene aphunzitsi akuitamayo mwini wake ndi ameneyo. Ndipo ankafuna kudziwa ngati anthu angapirire miyezi iwiri otsekeredwa, chifukwa sitima za mizinga zimakhala choncho.

Nthawi yakenso anaisankha dala. Mu May kunali msonkhano ku Paris wa Eisenhower, pulezidenti wa America, ndi Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, ndipo America inkafuna kukafika kumeneko ikudziguguda pachifuwa. Koma pa 1 May ndege yawo ya ukazitape, U-2, yoyendetsedwa ndi Gary Powers, inagwetsedwa mkati mwa Soviet Union. Triton itavuuka pa 10 May kufupi ndi Delaware, Beach anamunyamula pa helikopita kupita naye ku White House kukalandira mendulo, koma makutu a dziko anali pa U-2. Msonkhano wa ku Paris unasokonekera. Phwando linaphikidwa, alendo ali ku mlandu.

AphunzitsiOpuma
Zimene mwanenazi ndi zoona, a Dzukani, ndipo sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Koma ndiuzeni ulendo umodzi wofufuza umene unalipiridwa ndi munthu wopanda cholinga chake. Magellan amene ankamutsatirayo sananyamuke ku Spain mu 1519 chifukwa chokonda mafunde. Ankafuna njira yokafika ku zilumba za Maluku kukatenga zonunkhiritsa ndiwo, malonda a mfumu. Ananyamuka ndi zombo zisanu, chinabwerera chimodzi, Victoria, mu 1522, muli amuna 18 okha, wotsogolera Elcano. Cholinga chinali ndalama, koma chimene dziko linaphunzira, kukula kwenikweni kwa Pacific, chinatsala.

Dzukani
Mwachita bwino kumutchula. Magellan sanazungulire dziko. Anafera pa chilumba cha Mactan ku Philippines pa 27 April 1521, ataputa mfumu ya kumeneko, Lapulapu, ndi anthu ake pa gombe lawo lomwe. Tsono Triton inalowa dala m'madzi a Mactan pa 1 April kukaona chipilala cha Magellan, ndipo inanyamula chikwangwani chomulemekeza chimene anakachipereka kufupi ndi Cadiz ku Spain. Lapulapu ndiye ayi. Ndipo mukudziwa amene anawaona? Zombo zankhondo za maiko ena sizinawaone. Anawaona ndi mnyamata wa ku Philippines ali m'bwato lake. Anatulutsa periscope, n'kupeza maso ali pa iwo. Wojambula wa National Geographic amene anali m'sitimamo anamujambula kudzera pa periscope pomwepo. Atadzamupeza pambuyo pake, zinadziwika kuti mnyamatayo ankaganiza kuti waona chilombo cha m'nyanja, anapalasa kuthawa. Chinsinsi cha dziko lamphamvu, choululidwa ndi nkhafi.

Kanyimbi
Ndikanakhala ine, bwato ndikanalisiya pomwepo, kuyenda pamadzi ngati Petulo.

GogoWaZomba
Ana inu mukutchula 1 April 1960 ngati tsiku wamba. Limenelo ndi tsiku limene Kamuzu anatulutsidwa m'ndende ya Gwelo. Kuno kunalibe ankadziwa zoti kuli sitima pansi pa nyanja, tonse makutu anali kwa Dokotala.

NaBanda_waKuKapa
Ndipo pamene ankadutsa kuno ku Kapa pa 17 April, tsiku la Pasaka, dziko lino linali pa moto. Ku Sharpeville apolisi anali atangopha anthu 69 pa 21 March, kenako boma n'kukhazikitsa malamulo a nthawi yachipwirikiti. Iwo anangosuzumira mapiri n'kudutsa.

Mbalule
Agogo, mwayamba za Kamuzu, ndiye timalizitse. Anatuluka m'ndende iye, koma ndi angati amene anadzawalowetsa yekha?

GogoWaZomba
Mwana iwe, ine ndatchula tsiku. Zinazo ndinaziona ndi maso anga iwe usanabadwe, sindikusowa wondiphunzitsa.

WoyanganiraGulu
A Mbalule, a Gogo, za ndale za kwathu zili ndi malo ake. Pano tili pansi pa nyanja. Bwererani m'sitima.

Chemwali_Leeds
Tibwerere kwa anthu. M'sitimamo munali katswiri wa za maganizo, Benjamin Weybrew, ntchito yake kuona mmene anthu amasinthira akatsekeredwa. Mu April anatseka sitima osakokanso mpweya wakunja kwa masiku angapo, ndipo mkati mwa masiku amenewo analetsa fodya. Nthawi imeneyo asilikali ambiri ankasuta. Anthu amene anapirira milungu yambiri osadandaula anayamba kupsa mtima ndi zazing'ono. Ine ndimaona zomwezo mu wadi. Munthu amapirira opaleshoni, koma umuletse ndudu, udziwa mtundu wake.

FodyaWaKasungu
Ndiye mwaona kufunika kwa mbewu yathu? Ngakhale pansi pa nyanja amailira. Chikhala ogula ankailemekeza choncho pa okushoni, bwenzi nyumba yanga ili ya malata.

Kanyimbi
Bambo, musayambe za mitengo, tigona pano.

Usipa_Wouma
Ine ndakulira ku Nkhata Bay, bambo anga anali msodzi. Ukonde ukakodwa pa mwala, anyamata tinkamira kukaukodola. Mamita ochepa chabe, makutu ayamba kale kulasa, mutu ngati wina akuufinya. Nyanja yathu kumpoto kuno imafika pafupifupi mamita 700 kuya kwake. Funso langa kwa amakaniko: Triton ikanabwera kuno, ikanafika pansi pathu?

MakanikoWaNdirande
Ayi achimwene, ikanaphwanyika isanafike. Mamita 10 aliwonse amene mwatsika, madzi amawonjezera kukanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu. Pa mamita 700 ndiye kuchulukitsa ka 70. Sitima zankhondo zimayenda mamita mazana ochepa basi, ndipo za 1960 sizinkatsika kwambiri ngati za lero. Ikadutsa malire ake, chitsulo chimafinyika kamodzin'kamodzi. Mu April 1963 sitima ina ya America, Thresher, inali kuyesa kutsika, makina anavuta, inapitirira malire. Anthu 129 anathera pomwepo. Pakati n'pakati nyanja zikuluzikulu n'zakuya pafupifupi mamita 3,700. Ndiye kunena chilungamo, Triton inayenda m'chikopa cha nyanja, mnofu wake sinaukhudze.

Tsokonombwe
Mwamva? Amakaniko omwe andivomereza. M'chikopa!

Mwala_waMulanje
Ndaloledwa kulowa, akuluakulu? Ine ndimaphunzira za miyala ndi nthaka. A Tsokonombwe, ngati mukufuna anthu a zenera, analipo chaka chomwecho, mwezi umodzi Triton isananyamuke. Pa 23 January 1960, Jacques Piccard wa ku Switzerland ndi Don Walsh wa ku America anatsika ndi chombo chotchedwa Trieste mpaka pansi pa Challenger Deep, phompho lakuya kuposa onse, pafupifupi mamita 10,900, kufupi ndi Guam komwe kuja. Chombocho chinali chodabwitsa: kampira kachitsulo kokwana anthu awiri mopanikizana, kopachikidwa kunsi kwa thanki yaikulu yodzaza petulo. Petuloyo sanali woyendetsera injini. Ndi wopepuka kuposa madzi ndipo safinyika msanga, ndiye ndi amene ankawayandamitsa. Potsika ankalemedwa ndi tizitsulo tambirimbiri, pokwera ankangotitaya. Kutsika kunatenga maola pafupifupi asanu. Ali m'njira anamva chiphokoso, chombo chonse kugwedezeka: galasi lina la pa khomo lolowera linali litang'aluka. Anapitirirabe.

Tsokonombwe
Amenewa ndiye amuna. Amenewa ndiye afufuza.

Mwala_waMulanje
Dikirani ndimalize, achimwene. Atafika pansi, chombo chinavundula matope, zenera lonse mbuu. Sanajambule chithunzi chooneka. Anakhala mphindi 20 zokha n'kuyamba kukwera. Piccard ananena kuti anaona nsomba yaphanthiphanthi, koma akatswiri ambiri lero amakana, chifukwa nsomba yakuya kwambiri imene yajambulidwa inali pa mamita 8,300 ndi pang'ono, kufupi ndi Japan. Ndiye a zenera aja anabwera ndi matope ndi nkhani yokayikitsa.

Vuto ndi lakuti mukuyeza nyanja ndi diso. Kupitirira mamita 200 kuwala kwatsala pang'ono, pofika pa 1,000 ndi mdima wa ndiweyani. Ngakhale Triton akanaiboola mazenera mbali zonse, bwenzi akuona chikuda chokhachokha. Nyanja imadziwika ndi khutu. Umatumiza phokoso pansi, n'kuwerenga nthawi imene latenga kuti libwerere, kuya wakudziwa. Munthu amene anatisonyeza maonekedwe a pansi pa Atlantic anali mayi, Marie Tharp, ku Columbia University. Nthawi imeneyo akazi sankaloledwa kukwera zombo zofufuzira, ndiye iye ankakhala pa tebulo ku New York ndi manambala amene zombo zabweretsa, n'kumajambula. M'zaka za m'ma 1950 anaona kuti pakati pa mapiri a pansi pa Atlantic pali chigwa chong'ambika, chizindikiro choti nthaka ikutseguka. Mnzake wa ntchito, Bruce Heezen, poyamba anamutsutsa. Mapu awo oyamba anatuluka mu 1957. Chigwacho anachifanizira ndi cha kum'mawa kwa Africa, chomwechi chimene muli nyanja ya a Usipa. Mayiyu sanamire ngakhale mita imodzi.

Usipa_Wouma
Achemwali mwanena zoona za mdima. Ngakhale kwathu, kupitirira mamita 200 ndi pang'ono madzi alibe mpweya, nsomba sizikhalako. Nyanja yonse ija, zamoyo zimene timadya zili pamwamba pokha.

Mbalule
Ndiye kunsiko kumakhala chiyani? Agogo anga ankati kuli mudzi wa mizimu.

Usipa_Wouma
Za ku mudziko mukafunse amene anapitako. Ife tinkangokodola ukonde.

Dzukani
Mukamatama a zenera kumbukirani amene amatsika masiku ano. James Cameron, wopanga mafilimu, anatsika ku Challenger Deep mu 2012, yekha. Victor Vescovo, mkulu wa ndalama wa ku Texas. Kenako Titan ija ya mu June 2023, anthu asanu kufera ulendo wokaona Titanic pa mamita 3,800. Dziko lonse linaima, ndege ndi zombo kusakasaka. Masiku ochepa izi zisanachitike, boti lodzaza anthu othawa mavuto linamira kufupi ndi Pylos ku Greece, anthu mazanamazana, ndipo nkhani yake inazilala msanga. Kufufuza nyanja kwasanduka masewera a olemera.

Mwala_waMulanje
Za ku Pylos sindikutsutsani. Koma musaike Vescovo ndi Titan m'thumba limodzi. Titan inapangidwa ndi carbon fibre, akatswiri anachenjeza, ndipo sinavomerezedwe ndi mabungwe oyeza zombo. Chombo cha Vescovo, Limiting Factor, chinali mpira wa titanium wokhuthala masentimita 9, choyezedwa n'kuvomerezedwa. Kuyambira December 2018 mpaka August 2019 anafika pansi penipeni pa nyanja zonse zisanu: Puerto Rico Trench ku Atlantic, South Sandwich kumwera, Java ku Indian, Challenger Deep ku Pacific ndi Molloy Deep ku Arctic. Chombo chachikulu chimene chinkachinyamula chinkayeza pansi pa nyanja m'njira monse, ndipo miyezoyo inaperekedwa kwa opanga mapu. Mu 2020 chombo chomwecho chinatsitsa Kathy Sullivan, mayi amene mu 1984 anayenda mumlengalenga kunja kwa chombo. Ngati mukufuna ulendo weniweni woyendera nyanja zonse pansi pake, ndi umenewu. Ndipo ndi zonsezi, gawo la pansi pa nyanja limene layezedwa bwinobwino langopitirira pang'ono limodzi mwa anayi.

Kanyimbi
Mwalankhula zakuya, tsono ine ndifunse zimene aliyense akuchita nazo manyazi. Chimbudzi chimayenda bwanji m'menemo?

MakanikoWaNdirande
Funso la nzeru kuposa mmene mukuganizira. Zonse zimapita m'thanki, ikadzaza amazikankhira kunja ndi mpweya kapena pampu, chifukwa madzi akunja akukanikiza kuti alowe. Wina akatsegula mpopi wa chimbudzi nthawi imene thanki ili ndi mpweya, zonse zimabwerera kumaso kwake. Ndipo chimbudzi chinamizapo sitima. Mu April 1945 sitima ya Germany, U-1206, inali kufupi ndi Scotland. Inali ndi chimbudzi chamakono chotsukira molunjika m'nyanja, chovuta moti pankafunika munthu wophunzitsidwa kuchitsegula. Anasokoneza mipopi, madzi anakhamukira mkati n'kufika pa mabatire, mabatire n'kutulutsa mpweya wapoizoni. Anavuuka mokakamizika, ndege za Britain zinawaona, mapeto ake sitimayo anaimiza okha.

Kanyimbi
Kukafotokoza kwa akuluakulu kuti sitima yatha bwanji, ine ndikanangoti tinagundidwa ndi bomba.

Tsokonombwe
Ndawerenga zonse. Za zenera, achemwali a Mwala, mwandigonjetsa ndi mdima wanuwo. Koma mwandipatsanso chida china. Ngati nyanja imadziwika ndi manambala, ndiye wofufuza ndi makina oyezera ndi mayi uja wa pa tebulo. Mendulo ya Beach inali ya chiyani? Ya kuyendetsa galimoto imene munali makinawo?

AphunzitsiOpuma
Makinawo anafa, a Tsokonombwe. Chipangizo choyezera kuya chinawonongeka ali kufupi ndi South America, ulendo usanafike n'pakati pomwe. Taganizani kuthamanga mumdima, m'nyanja imene mapu ake ali ndi mipata, muli mapiri osalembedwa paliponse. Anachita kugwiritsa ntchito sonar, chipangizo chosakira adani ndi phokoso, kuti aziona zimene zili kutsogolo, ndipo anazindikira kuti chipangizo choyeza mphamvu yokoka chimasintha akamayandikira phiri la pansi pa madzi, n'kumachidalira ngati chenjezo. Pa mpata wa Lombok, pamene madzi a nyanja ziwiri amakumana, sitima inatitimira mwadzidzidzi mpaka anachita kulimbana nayo. Kumpoto kwa Bali, dera lomwelo, n'kumene sitima ya Indonesia, Nanggala, inamira mu April 2021 ndi anthu 53. Ndipo pa 24 April, kutatsala tsiku limodzi kuti amalize, paipi ya mafuta oyendetsera zowongolera inaphulika kumbuyo kwa sitima. Mnyamata mmodzi analowa m'chifunga cha mafutawo n'kutseka mpopi. Akanachedwa, sitima ikanalephera kuwongoleka ili pa liwiro. Manambala a pa tebulo amafika pa tebulopo chifukwa wina wawatengera kumene ali.

Dzukani
N'kukawapereka kwa oponya mizinga.

AphunzitsiOpuma
Ndi kwa opanga mapu. Zonse ziwiri, a Dzukani. A Soviet Union nawonso mu 1966 anatumiza sitima zawo ziwiri pansi pa madzi kuchokera kumpoto kwa dziko lawo, kuzungulira kumwera kwa South America mpaka ku Kamchatka. Simunawadzudzule.

Dzukani
Sanatchulidwe. Atchuleni bwino muone.

NaBanda_waKuKapa
Amene mukufuna kulawa kupanikizana kwake, ku Simon's Town kuno kuli sitima yakale ya South Africa, Assegaai, imene anaisandutsa malo okaona. Ndi yaing'ono kuyerekeza ndi Triton, ya dizilo. Nanga Triton yeniyeniyo ili kuti lero?

MakanikoWaNdirande
Sinakhalitse. Ntchito imene anaipangira, yonyamula radar patsogolo pa zombo zina, inalandidwa ndi ndege, ndipo ng'anjo ziwiri zija zinali zodula kusamala. Anaipumitsa mu 1969, yoyamba mwa sitima za nyukiliya za America kuchotsedwa ntchito. Inakhala zaka zambiri pa doko, kenako anaiphwasula. Anasungako kansanja ka pamwamba kokha, kali pa paki ku Richland, m'chigawo cha Washington.

Mlonda_waUsiku
Kansanja komwe kaja kanatuluka ku Montevideo. Ine ndikadali pomwepo.